Kodi ndi "in", "on" kapena "at"? Zokambirana za aperekezi a malo m'Chingerezi

Tiyamike:
Moni kwa nonse pagulu pano, makamaka kwa aphunzitsi athu. Ndabwera ndi vuto limene landichititsa manyazi kawiri m'sabata imodzi, ndipo ndaona kuti kuli bwino kufunsa kusiyana ndi kupitiriza kulakwitsa mwakachetechete. Lolemba ndinachedwa kuntchito, choncho ndinatumizira abwana anga uthenga wa pafoni wakuti "I am in the bus". Iwowo Chingerezi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo nditafika anandiuza akumwetulira kuti akanakhala iwo akanalemba "on the bus". Ndinangovomera, koma mumtima ndinkatsutsa, chifukwa ine sindinakwere padenga la basiyo ayi, ndinali m'kati, pampando wa pafupi ndi zenera. Lachinayi ndinati ndionetse kuti phunziro lija ndinalimva, ndipo ndinalemba kuti "I am on the taxi". Ulendo uno anandiyankha pafoni pomwepo kuti ndigwiritsitse ndithu kuti ndingagwe. Kodi aperekezi a malo amenewa ali ndi lamulo limene munthu angalitsatire, kapena tiyenera kungoloweza pamtima chiganizo chimodzichimodzi?

Bambo Mbewe:
A Tiyamike, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Chingerezi ndisanapume pantchito, palibe gawo limene linkandithera inki yofiira ngati aperekezi. Lamulo lilipo, ndipo limatsatira mmene woyankhula akuonera malowo m'maganizo mwake pa nthawi imene akuyankhulayo. Akamaona malo ngati kadontho chabe, osaganiza za kukula kwake kapena za m'kati mwake, amanena "at". Akamawaona ngati chinthu chimene china chakhalapo, chatsamirapo kapena chamatirirapo, kaya ndi tebulo, khoma, denga kapena mzere, amanena "on". Akamawaona ngati chinthu chokhala ndi malire chimene chazungulira chinzake, amanena "in".

N'chifukwa chake dzina limodzi likhoza kuyenda ndi aperekezi onse atatu, tanthauzo n'kumasintha. Tiyeni titenge nyanja yaikulu. Munthu amene ali "in the sea" wanyowa, akusambira. Bwato limene lili "on the sea" likuyandama pamwamba pa madzi. Wogwira ntchito m'sitima amene ali "at sea" ali paulendo kutali ndi mtunda, ndipo mwina madziwo sanawakhudze ndi chala chomwe. Tebulo nalonso ndi chimodzimodzi: buku limakhala "on the table", koma anthu amakhala "at the table", ndipo mukalemba kuti alendo anakhala "on the table" ndiye kuti mwawakweza pamwamba, miyendo ili lendelende. Ana a m'kalasi mwanga ndinkawajambulira alendo amenewa pabolodi, ndipo amene anaseka tsiku limenelo sankabwerezanso kulakwitsa kumeneku.

Tsopano za basi yanuyo. Chokwera chachikulu chimene munthu angathe kuimiriramo ndi kuyenda pakati pa mipando chimatenga "on", ngati kuti woyankhulayo akuganiza za pansi pamene waponda: basi, sitima yapamtunda, ndege ndi sitima yapamadzi zonse zili m'gulu limeneli. Chokwera chimene munthu amalowamo chowerama n'kungofikira kukhala, monga galimoto yaing'ono ndi takisi, chimatenga "in". Njinga, njinga yamoto ndi hatchi zimatenga "on" pa chifukwa choonekeratu. Ndiwonjezere kuti "in the bus" sikuti n'kulakwa nthawi zonse. Ngati basi yaimikidwa ndipo mukufotokoza kumene ana abisala, mukhoza kutero, popeza apo mukuiona basiyo ngati bokosi. Koma munthu amene walipira ndipo ali paulendo amakhala "on the bus".

Madalitso:
Bambo Mbewe, zimene mwafotokozazi n'zomveka, koma ine ndikuona ngati tikudzivutitsa ndi zinthu zimene chiyankhulo chathu chinatithera kale. Ife tili ndi "pa", "mu" ndi "ku". Buku lili patebulo, ndiye "on". Madzi ali m'ndowa, ndiye "in". Mwana ali kusukulu, ndiye "at". Ine ndakhala ndikugwiritsa ntchito njira imeneyi kuyambira kusekondale ndipo mayeso ndinakhoza. Basi ndi ndege tikhoza kungoziloweza padera ngati zinthu zosatsata lamulo, koma kwinaku munthu angoganiza m'Chichewa n'kumasulira, zatha.

Mayi Nabanda:
Achimwene a Madalitso, njira yanuyo ndinkaikhulupirira nanenso mpaka pamene ndinayamba ntchito yomasulira, ndipo ndinganene kuti imathandiza mokwanira kuti munthu aidalire, kenaka imamugwetsa pamalo pamene sankayembekezera. N'zoona kuti ife tili ndi mwayi, chifukwa "pa", "ku" ndi "mu", amene akatswiri a ziyankhulo za Chibantu amawaika m'magulu a mayina 16, 17 ndi 18, anatizoloweza kale kuona malo m'njira zitatu. Koma mizere imene Chichewa chinadula si yomweyo imene Chingerezi chinadula.

Yambani ndi "pa". Ife timati munthu waima padzuwa, wakhala pamthunzi, wayenda pamvula, koma Chingerezi chimati "in the sun", "in the shade", "in the rain", popeza chimaona dzuwa, mthunzi ndi mvula ngati zinthu zimene zamukuta munthuyo. Timati ndamuona pachithunzi, iwo amati "in the picture". Mukanena "on the picture" ndiye kuti mukunena za ntchentche imene yatera papepalapo. Timati wadziyang'ana pagalasi, iwo amati "in the mirror". Timati waima pamzere, ku Britain amati "in the queue". Timati wodwala ali pabedi, iwo amati "in bed" ngati wafunda, ndipo "on the bed" amasungira munthu kapena chovala chimene chili pamwamba pa zofunda. Timati phiri lalitali kwambiri padziko lonse, iwo amati "in the world". Nanga mlendo amene ali pakhomo? Ameneyo ali "at the door", pakuti chimene chimakhala "on the door" ndi chikwangwani kapena nambala yokhomedwa pachitseko.

"Mu" nayenso amatipusitsa. Ndili m'njira ndi "on the way", mkanda wa m'khosi uli "around the neck", ndipo za m'basi ndi m'ndege mwazimva kale.

Koma wovuta kwambiri ndi "ku", chifukwa alibe mnzake mmodzi m'Chingerezi. Taonani ziganizo zitatu izi: ali ku London, akupita ku London, akuchokera ku London. Ife "ku" sitinamusinthe, popeza m'Chichewa mneni ndi amene amasenza nkhani ya kumene munthu walowera. M'Chingerezi katundu ameneyu amasenzedwa ndi mperekezi, choncho pamafunika "in London", "to London" ndi "from London". Onjezerani kuntchito, kumene ndi "at work". Kumanzere, kumene ndi "on the left". Chipewa kumutu, chimene chili "on the head". Ndi ndege kumwamba, imene ili "in the sky". Mawu amodzi athu abala aperekezi asanu. Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri m'zolemba zimene ndimakonza kumachokera pomwepa: munthu amamva "ku" m'chiganizo chakuti tinafika ku London, n'kulemba "we arrived to London". Mneni "arrive" safuna "to". Amafuna "in" pa mzinda kapena dziko, ndi "at" pa malo monga bwalo la ndege kapena siteshoni. Ndipo aneni ena safuna mperekezi n'komwe, monga "enter the house" ndi "reach the station", ngakhale kuti ife timati kulowa m'nyumba ndi kufika pasiteshoni.

Kondwani:
Ine funso langa ndi la keyala. Ndikamadzaza mafomu kapena kulemba kalata ndimasokonezeka kuti msewu umatenga chiyani, nyumba imatenga chiyani. Ndaonapo "in Oxford Street" m'buku lina ndi "on Oxford Street" m'buku linanso, ndipo onse awiri analembedwa ndi eni ake chiyankhulo. Wolakwa ndani?

Bambo Mbewe:
A Kondwani, palibe wolakwa pamenepo. Ku Britain anthu akhala akunena "in" pa msewu wa mumzinda, poona msewuwo ngati mpata wotchingidwa ndi nyumba mbali zonse ziwiri, pamene ku America amanena "on", pouona ngati mzere umene nyumba zandandalikana m'mbali mwake. Masiku ano "on" akumvekanso kwambiri ku Britain komweko. Chimene onse amagwirizana n'chakuti nambala ya nyumba ikangotchulidwa, malowo asanduka kadontho ndipo pakufunika "at". Nduna yaikulu ya dziko la Britain ili ndi nyumba yake ya boma "at 10 Downing Street", msewuwo uli "in London", ndipo London yemweyo ali "on the Thames", monga mmene Cairo alili "on the Nile" (Thames ndi Nile ndi mitsinje). Mzinda suyandama pamadzi, koma mtsinje ukuonedwa ngati mzere umene mzindawo wakhudza, ndipo maganizo omwewa ndi amene ali m'dzina la mzinda wa Newcastle upon Tyne, umene uli pamtsinje wa Tyne ("upon" ndi chimodzimodzi "on"), komanso m'mawu akuti "on the coast" ndi "on the border".

Mzinda waukulu ukhozanso kusanduka kadontho. Munthu wokhala ku Dubai ali "in Dubai", koma ndege imene yangoimako pang'ono paulendo wopita kwina tinganene kuti yaima "at Dubai", chifukwa pamapu a ulendowo mzinda wonse ndi poima chabe. Pangodya napo pali zofanana: mpando uli "in the corner of the room" popeza makoma awiri autchinga, koma munthu amadikira "at the corner" kapena "on the corner" ya msewu popeza ali kunja kwa ngodyayo.

Pa nyumba zosanja samalani kwambiri. Onse amanena "on", koma amawerenga mosiyana. Ku Britain chipinda chimene mumalowamo kuchokera pamsewu chili "on the ground floor", ndipo "first floor" ndi nsanjika imene mumaipeza mutakwera masitepe. Ku America "first floor" ndi pansi pomwepo. Mukapatsidwa keyala ya ofesi, ndi bwino kudziwa kuti wolembayo amawerenga motani.

Madalitso:
Mayi Nabanda, za padzuwa ndi pachithunzi ndagonja, sindinaziganizirepo. Koma zimene anena Bambo Mbewe zikundibwezera ku maganizo anga oyamba mwa njira ina. Ngati eni ake chiyankhulo sagwirizana, wina akuti "in" wina akuti "on" pa msewu womwewo, ife tikuvutikiranji? Abwana a Tiyamike anamva bwinobwino kuti iwo ali m'basi ndipo achedwa. Uthenga unafika. Kodi zotsalazi si zongofuna kumveka ophunzira?

Mayi Nabanda:
Achimwene, pali kulakwitsa kumene kumangomveka kwachilendo m'khutu, ndipo pali kumene kumasintha nkhani. Pa za basi ndikugwirizana nanu kuti palibe amene anasochera. Koma tamvani zimene zinandichitikira ine.

Tsiku lina ndinayenera kupereka zikalata zimene ndinamasulira kwa mayi wina wochokera kunja, amene ankanyamuka madzulo a tsiku lomwelo. Tinapangana kukumana pafupi ndi banki ina. Nditafika ndinapeza kuti kumbali ya bankiyo kuli dzuwa loswa mtengo, choncho ndinawoloka msewu n'kukaima pansi pa mtengo, maso anga ali pachitseko cha banki. M'mutu mwanga ndinali kutsogolo kwa banki, ndiye ndinalemba kuti "I am in front of the bank". Foni yanga inathima moto nditangotumiza. Mayiwo anafika, naima pamasitepe a banki penipeni, chifukwa m'Chingerezi "in front of" amatanthauza mbali yomweyo ya msewu, pafupi ndi khomo. Sitinkadziwana nkhope. Pakati pathu pankadutsa magalimoto, ine ndikuyang'ana munthu amene akuwoloka kubwera kwa ine, iwo akuyang'ana munthu wonyamula envulopu pamasitepe. Ndinkamuona ndithu mayi wina wa chipewa choyera akuyang'ana wotchi kawirikawiri, mlonda akumuyang'anitsitsa, koma ndinkangoti akudikira wina. Tinatha pafupifupi mphindi 40 tikuonana osadziwana. Mawu amene ndinafunika kulemba ndi "opposite the bank", kapena "across from the bank" monga amanenera ku America, kutanthauza moyang'anizana ndi banki, msewu uli pakati.

Zitsanzo zotere zilipo zambiri. Mwana amene ali "in the front of the car" wakhala pampando wa kutsogolo, koma mwana amene ali "in front of the car" ali pamsewu ndipo akhoza kugundidwa. Kusiyana kwake ndi kamawu kamodzi kakuti "the". M'Chingerezi cha ku Britain, mukanena kuti mayi anu ali "in hospital" ndiye kuti agonekedwa, koma "at the hospital" akhoza kukhala kuti apita kukazonda wodwala kapena amagwira ntchito kumeneko. Ku America wogonekedwayo amati ali "in the hospital". Mchimwene wanu akakhala "in prison" ndi mkaidi, pamene akakhala "at the prison" mwina ndi woyang'anira akaidi kapena wangopita kukaona munthu. Ife zonsezi timangoti ali kuchipatala, ali kundende, nkhani yonse n'kumveka kuchokera pa zimene tikukambirana, koma Chingerezi chinaika kusiyanako pa mperekezi. "Near" amangotanthauza pafupi, pamene "next to" ndi "beside" amatanthauza kuti palibe china pakati. Ndipo "near" sayenda ndi "with", ngakhale kuti "pafupi ndi" wathu amatikoka kuti titero.

Chikondi:
Pepani kuti ndalowerera mochedwa, ndine wophunzira ndipo mayeso ali pafupi. Aphunzitsi athu anatiuza kuti "pakati pa" amamasuliridwa "between" ngati zinthu zili ziwiri, ndi "among" ngati zapitirira ziwiri. Koma m'buku la jogalafe ndapeza chiganizo chimene chili ndi "between" kenaka mayiko angapo. Kodi bukulo linalakwitsa?

Bambo Mbewe:
Mwana wanga Chikondi, lamulo limene anakupatsani aphunzitsi anulo ndi lomwe ndinkaphunzitsa inenso: ziwiri "between", zambiri "among". Mawu akuti "between" enieniwo anachokera ku tsinde limodzi ndi mawu otanthauza ziwiri m'Chingerezi chakale. Pamayeso tsatirani zimenezo.

Mayi Nabanda:
Bambo Mbewe, mundikhululukire, koma apa ndisiyana nanu pang'ono, ndipo ndikuganiza kuti buku la Chikondi silinalakwitse. Za chiyambi cha mawuwo mwanena zoona, ndipo lamulo la ziwirilo ndi lakale ndithu. Samuel Johnson, mlembi wa ku England, analitchula mu dikishonale yake ya Chingerezi ya mu 1755, koma iye yemwe anavomereza pomwepo kuti anthu salitsatira nthawi zonse. Chimene chimasiyanitsa aperekezi awiriwa kwenikweni ndi mmene zinthuzo zikuonekera. Ngati chilichonse chikuoneka pachokha ndipo mukhoza kuchitchula dzina, pamafunika "between", kaya zikhale ziwiri kapena zisanu. Dziko la Switzerland lazunguliridwa ndi mayiko asanu, France, Germany, Austria, Liechtenstein ndi Italy, ndipo mwini chiyankhulo amati lili "between" mayiko amenewa. Atati "among" zingamveke ngati dzikolo lasochera m'chigulu cha mayiko osadziwika. "Among" ndi wa chinthu chimene chili m'kati mwa gulu limene simukuliwerenga chimodzichimodzi, monga nyumba imene ili "among the trees" kapena kalata imene yapezeka "among the papers".

Chikondi, pamayeso mafunso ambiri amakhala osavuta: akakupatsani zinthu ziwiri lembani "between", akakupatsani chigulu chosatchulidwa mayina lembani "among", ndipo pamenepo ine ndi Bambo Mbewe sititsutsana. "Pakati pa" wathu ali ndi tanthauzo lachitatu limene musaliiwale, la pakatikati pa chinthu chimodzi, monga pakati pa msewu kapena pakati pa chipinda. Limeneli ndi "in the middle of".

Bambo Mbewe:
Mayi Nabanda, ndavomera. Chitsanzo cha Switzerland ndachiyesa ndi "among" m'kamwa mwanga ndipo chakana. Zikuoneka kuti pali ana ena amene ndinawachotsera malikisi popanda mlandu, ndipo ngati ali pagulu pano andikhululukire.

Popeza tafika pa mawu athu amene amabala angapo m'Chingerezi, ndikambeko za "pamwamba pa" ndi "pansi pa". Chinthu chikakhudza chinzake ndi "on" kapena "on top of". Chikakhala m'mwamba osakhudza, pali "above" ndi "over", ndipo nthawi zambiri onse awiri amaloledwa: nyale yolendewera ili "above the table" kapena "over the table". Amasiyana pamene pali kuphimba kapena kudutsa, pakuti apo ndi "over" yekha. Bulangete limayalidwa "over the child", mlatho umamangidwa "over the river", ndipo mbala imalumpha "over the wall". Pamene tikungoyerekeza kutalika pa muyeso, popanda chinthu china kukhala pamutu penipeni pa chinzake, ndi "above" yekha. Phiri la Kilimanjaro ndi lalitali mamita 5,895 "above sea level", ndiko kuti poyeza kuchokera pamene pamalekeza madzi a nyanja zikuluzikulu, ndipo palibe amene amati "over sea level".

Kumunsi nako n'chimodzimodzi. "Under" ndi mnzake wa "over": mphaka ali "under the table", ndipo malaya a m'kati ali "under" jekete. "Below" ndi mnzake wa "above": gombe la Nyanja Yakufa lili mamita oposa 400 "below sea level", ndipo kukazizira kwambiri amati "below zero". Mukadzaza fomu n'kuona "sign below the line", akutanthauza m'munsi mwa mzerewo papepala.

Kondwani:
Zimene mwakambazi zandikumbutsa zimene tinaphunzira m'kalasi ya sayansi ya ziyankhulo, ndipo mwina zingawatonthoze a Tiyamike. Vuto limeneli si lathu tokha. Wolankhula Chisipanishi ali ndi kamawu kamodzi, "en", kamene kamagwira ntchito ya "in" ndi "on" yemwe, choncho iye amavutika kuposa ife. Wolankhula Chidatchi ali ndi vuto losiyana, chifukwa pamene Chingerezi chimangoti "on" iye amagawa patatu: kapu ya patebulo ndi "op", chithunzi cha pakhoma ndi "aan", mphete ya pachala ndi "om". Akatswiri awiri, Soonja Choi ndi Melissa Bowerman, anasindikiza kafukufuku mu 1991 woyerekeza ana aang'ono ophunzira Chingerezi ndi ophunzira Chikoreya. M'Chikoreya muli mneni wakuti "kkita" amene amanena za kulowetsa chinthu pamene chikukwana mothina, kaya ndi mphete pachala kapena kaseti m'kabokosi kake, pamene kuponya chinthu m'thumba lalikulu mmene chikugwedera kuli ndi mneni wina. Chingerezi chimaika mphete ku "on" ndi kaseti ku "in", Chikoreya chimaziika pamodzi. Anapeza kuti ana amayamba kutsatira magawidwe a chiyankhulo chawo adakali aang'ono kwambiri.

Ngakhale Chingerezi chenichenicho chasintha m'kupita kwa nthawi. Mu Baibulo la King James la mu 1611, pemphero la Ambuye pa Mateyu 6:10 lili ndi mawu akuti "in earth", pamene mabaibulo a masiku ano amati "on earth". Ndiye mwina abwana a Tiyamike akanakumana ndi omasulira a nthawi imeneyo akanawakonzanso.

Tiyamike:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka Bambo Mbewe ndi Mayi Nabanda. Ndayesa kulemba ziganizo zingapo za tsiku langa la lero kuti muone ngati ndamva. "I left my bag on the bus." "Our office is on the third floor, opposite the lift." "I met my boss on the lift." "The notice is on the wall, above the printer." "My name is on the list, at the top of the page." "I read the answer on the group." Pa chiganizo chachitatu ndatsatira lamulo la Bambo Mbewe, popeza m'chikepe munthu amaimirira. Chonde ndikonzeni pamene ndaphonya.

Madalitso:
Ine ndikuona ngati chachitatucho chili ndi vuto, ngakhale sindingathe kufotokoza chifukwa chake. Nditamasulira kuchokera ku "m'chikepe" ndikupeza "in", ndipo ulendo uno ndikukhulupirira kuti njira yanga ija yandithandiza.

Mayi Nabanda:
Achimwene a Madalitso, apa mwalasa. M'Chingerezi cha ku Britain amati "in the lift", chifukwa chikepe ndi kabokosi kotsekeka mbali zonse ndipo mulibe moyendamo. Ku America, kumene chikepe amachitcha "elevator", mudzamva onse awiri, "in" ndi "on". Choncho a Tiyamike, popeza mwasankha mawu akuti "lift", lembani "in".

Chiganizo choyamba, chachiwiri, chachinayi ndi chachisanu zili bwino, ndipo ndakondwa kuona "opposite" ali pamalo pake. M'chachisanu mwachita bwino kusiyanitsa "on the list" ndi "at the top of the page": dzina lili papepala, koma pamwamba pa tsamba ndi kadontho. Mukanafuna kutchula tsamba lenilenilo mukanati "on page 5", ngakhale kuti tsambalo lili "in the book", ndipo nkhani imakhala "in the newspaper" koma "on the front page".

Chomaliza chija n'chimene chakokedwa ndi "pagulu" wathu. Zipangizo ndi njira zofalitsira uthenga zimatenga "on", monga "on the radio", "on television", "on the phone", "on the internet", "on Facebook" ndi "on WhatsApp", ndipo apa Chichewa ndi Chingerezi zimagwirizana, popeza nafenso timati pawailesi, pafoni, pa intaneti. Koma gulu ndi anthu amene ali ndi malire, ena ali m'kati ena ali kunja, choncho munthu amakhala "in the group" ndipo uthenga umalembedwa "in the group". Mudzamva ena akunena "on the group" poyankhula mwachisawawa, poganiza za gululo ngati tsamba la pafoni, koma m'kalata yopita kwa abwana anu aja lembani "I read the answer in the group".